Thanki yatsopano: nsomba ziyambe zadikira

Mwezi uno makalata ambiri omwe afika pa tsamba lathu la nsomba za m'galasi akudandaula chinthu chimodzi. Munthu wagula thanki, mawa lake waikamo nsomba, sabata ziwiri zisanathe akuzivuula zitafa. Ndasankha makalata asanu. Yoyamba ndiyankha motalika, chifukwa mayankho enawo atsamira pa iyoyo.

FUNSO: Bambo, mwana wanga amene amagwira ntchito ku Blantyre anandibweretsera thanki yagalasi ya malita 100, pamodzi ndi sefa yoyendera magetsi ndi mchenga wake. Tinathira madzi a pampopi Loweruka, Lamulungu tinaikamo nsomba 12. Masiku atatu oyamba zinkadya bwino. Kenako zinayamba kukwera pamwamba, kukamwa kuli yasa, ngati zikusowa mpweya. Pofika tsiku la 10 zonse zinali zitatha. Madzi anali oyera mbee, osanunkha. Anzanga akuti pali wina anathiramo mankhwala chifukwa cha nsanje. Mwana wangayo akuti tiyendetse thanki yopanda nsomba mwezi wathunthu tisanagule zina. Kodi zimenezi n'zoona, kapena tingowononga magetsi? Mayi wa ku Mpondasi.

YANKHO: Pepani kwambiri mayi. Ndikudziwa mmene mtima umawawira ukadzuka m'mawa n'kupeza kansomba kamene unkakadyetsa dzulo kali gada pansi. Koma choyamba chotsani maganizo pa anansi anu. Palibe amene anathira mankhwala. Poizoni amene anapha nsomba zanu anachokera m'matupi mwa nsombazo, ndipo mwana wanu wakuuzani zoona.

Nsomba ikamadya imatulutsa amoniya. Wambiri amatuluka kudzera m'ziwalo zopumira zija zofiira za m'mbali mwa mutu, wina amachokera ku ndowe ndi ku chakudya chotsala chimene chikuola pansi. Amoniya ndi uja amakuluma m'mphuno ukalowa m'khola la nkhuku losasesa. M'nyanja yathu nkhaniyi siimveka n'komwe, chifukwa madzi ndi ochuluka ndipo mwala uliwonse, kamchenga kalikonse, kamakutidwa ndi mabakiteriya amene amadya amoniyayo. M'thanki yochoka kumene kusitolo mulibe odyawo. Galasi ndi latsopano, siponji ya m'sefa ndi yatsopano, mchenga ndi wotsukidwa. Nsomba 12 zikutulutsa poizoni usana ndi usiku m'malita 100, womuchotsa palibe. Amoniya amaotcha ziwalo zopumirazo, n'chifukwa chake munaziona zikuyasama pamwamba.

Ndipo kwa ife a kuno vutoli limakula msanga. Amoniya amaluma kwambiri madzi akakhala otentha komanso pH yake ikakhala yokwera (pH ndi muyeso wa asidi m'madzi: asidi akachepa, pH imakwera). Madzi a Nyanja ya Malawi amakhala cha pa pH 8, ndipo nsomba zathu zimafuna omwewo. Pa pH 8, gawo loopsa la amoniya limachuluka pafupifupi ka 10 kuyerekeza ndi pa pH 7. Onjezanipo kutentha kwa Mangochi mu Okutobala, muona chifukwa chake thanki yatsopano imapha mofulumira kuno kuposa ku Dedza.

Mabakiteriya amene tikuwafuna ali magulu awiri, ndipo amagwira ntchito mopatsirana. Gulu loyamba, limene akatswiri amalitchula kuti Nitrosomonas, limadya amoniya n'kumusandutsa nitrite. Tsoka lake nitrite nayenso ndi poizoni: amalowa m'magazi a nsomba, magaziwo n'kusanduka abulauni, osathanso kunyamula mpweya. Gulu lachiwiri, la Nitrospira, limadya nitrite n'kumusandutsa nitrate, amene nsomba zimamupirira akakhala wochepa, ndipo ife timamuchotsa posintha madzi. Mayina awiriwa, nitrite ndi nitrate, amasokoneza chifukwa amasiyana chilembo chimodzi chokha. Pa mabotolo oyezera mudzaona NO2 ndi NO3. Wa 2 ndiye wakupha.

Choncho ziweto zanu zoyamba m'thankimo ndi mabakiteriyawa. Muyenera kuwalera kaye, achuluke, adzaze siponji, ndiye nsomba zibwere. Vuto lawo ndi loti amaswana pang'onopang'ono. Mabakiteriya ooletsa nsima amatha kuwirikiza kawiri m'mphindi 20 zokha, pamene awa amatenga maola ambiri, nthawi zina tsiku lathunthu. N'chifukwa chake ntchito yonseyi imatenga sabata 4 mpaka 6. Alimi a nsomba za m'madamu amadziwa kale kudikira kotere: damu latsopano amayamba alithira manyowa, n'kudikira madzi abiriwire, ndiye mbewu ya chambo ilowe. Zimene akulera iwo ndi chakudya cha nsomba, ife tikulera zotsuka madzi, koma dongosolo ndi lomwelo.

Tsopano mvetsani pamene ambiri amalakwitsa. Kungoyatsa sefa n'kusiya thanki ikuyenda mwezi wonse sikuthandiza kanthu. Mabakiteriya popanda chakudya saswana. Muyenera kuwapatsa amoniya inuyo, m'malo mwa nsomba.

Yambani chonchi. Tayani madzi akalewo, tsukani thanki ndi madzi okha, sopo ayi. Ikani mchenga, miyala, sefa, zonse mmene mukufunira kuti zidzakhalire. Madzi a pampopi amakhala ndi kolorini, amene ntchito yake n'kupha mabakiteriya, ndiye sasankha kuti awa ndi abwino. Thirani mankhwala ochotsera kolorini amene amagulitsa ogulitsa zipangizo za nsomba, kapena siyani madziwo m'ndowa zosavundikira masiku awiri, pampu ya mpweya ikuwiritsa thovu. Chenjeraninso ndi ndowa za pakhomo. Chichitikire mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unatisautsa kwambiri kuno ku Mangochi, mabanja ambiri timathira kolorini m'madzi akumwa, ndipo tipitirize kutero, koma nsomba zikhale ndi ndowa yakeyake imene siilawa kolorini kapena sopo.

Chakudya cha mabakiteriya chabwino kwambiri ndi amoniya wa m'botolo wopangidwira ntchito imeneyi, ammonium chloride, chifukwa umatha kumuyeza bwino. Mwana wanu angakufunireni mumzinda. Ngati mwapeza amoniya wotsukira m'nyumba, khutchumulani botolo kaye. Thovu likakhalitsa pamwamba ndiye kuti muli sopo, musiyeni. Thirani pang'onopang'ono, mukuyeza, mpaka afike 2 ppm (ppm ndi muyeso wa kuchuluka kwake m'madzi, mamiligalamu pa lita). Musapyole 4.

Amoniya wa m'botolo akasowa, ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi njira yathu. Tengani tiusipa tiwiri tatiwisi, timangeni m'kasokosi kakale kotsuka bwino, mukoleke pafupi ndi sefa. Tikamaola timatulutsa amoniya. Kafungo kadzamveka masiku angapo, madzi adzachita mbuu, koma zimagwira ntchito. Chakudya cha nsomba chimene chinatsala chija nachonso chingathe, kutsina pang'ono tsiku lililonse ngati mukudyetsa nsomba zosaoneka. Ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wonse: musamange usipawo m'kachidutswa ka neti ya udzudzu. Maneti amene timalandira ndi onyikidwa m'mankhwala ophera udzudzu, ndipo mankhwala amenewo ndi oopsa kwambiri kwa nsomba. N'chimodzimodzi mankhwala opopera m'nyumba ndi makoyilo a udzudzu. Mukafuna kupopera, phimbani thanki ndi nsalu yokhuthala ndipo zimitsani pampu ya mpweya kwa kanthawi. Feteleza wa m'munda ndimakaniza. Uja wokulitsa ali ndi phosphate amene adzakudzazirani ndere pagalasi, ndipo yureya ndi wovuta kumuyeza.

Chida chimene simungachite bwino popanda icho ndi kiti yoyezera madzi, ija ya timabotolo ta madontho. Ine ndimagwiritsa ya kampani ya API. Madzulo aliwonse ndikaweruka ndimakhala pakhonde, n'kutunga madzi a m'thanki mpaka pa kamzere ka 5 ml m'kachubu kagalasi, kudonthetsa mankhwala, kutseka, kukhutchumula, n'kudikira mphindi 5. Kenako ndimagundiza kachubuko pa mbali yoyera ya khadi la mitundu lobwera ndi kitiyo, kuwala kwa dzuwa kuli kumbuyo kwanga. Amoniya akakhala palibe madziwo amakhala achikasu, akakhalapo amabiriwira. Nitrite akakhala palibe amakhala abuluu wa kumwamba, akakhalapo amasanduka pepo. Nitrate amachoka ku chikasu, kupita ku olenji mpaka kufiira. Botolo lachiwiri la nitrate limafuna kulikhutchumula mwamphamvu masekondi 30 musanadonthetse, apo ayi limakunamizani kuti mulibe kanthu. Zonse ndimalemba m'kope la sukulu, tsiku ndi tsiku.

Sabata yoyamba mudzaona ngati palibe chikuchitika. Kachubu ka amoniya kobiriwira, ka nitrite kabuluu, lero, mawa, mkuja. Apa m'pamene akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 amoniya adzayamba kutsika, ndipo tsiku lina madzulo kachubu ka nitrite kadzaonetsa kapepo kotuwa. Ine tsiku limenelo ndimasangalala ngati ndaona mmera woyamba m'munda, chifukwa ndiye umboni woti gulu loyamba lafika ndipo likudya. Amoniya akatsika kufika pafupi ndi 0, onjezerani mpaka 1 kapena 2 ppm. Nitrite adzakwera n'kukhala pamwamba sabata ziwiri, mwina zitatu. Kenako adzagwa mwadzidzidzi, nthawi zina usiku umodzi wokha.

Mayeso omaliza ndi awa. Thirani amoniya wa 2 ppm madzulo. Mawa nthawi yomweyo yezani. Mukapeza amoniya 0, nitrite 0, nitrate alipo, ndipo zabwerezeka masiku awiri kapena atatu otsatizana, thanki yanu yapsa, kutanthauza kuti yakonzeka kulandira nsomba. Chotsani madzi opitirira theka kuti nitrate atsike kufika cha m'ma 20 ppm, thirani atsopano opanda kolorini, ndipo nsomba zilowe tsiku lomwelo kapena mawa lake. Zikachedwa kubwera, pitirizani kuthira amoniya pang'ono kuti ziweto zanu zosaonekazo zisafe ndi njala.

Ngati kiti yalephereka, musataye mtima. Dyetsani thanki sabata 6 zathunthu, sinthani madzi ambiri, ndipo yambani ndi nsomba zitatu zokha. Onjezerani zina pakatha sabata ziwiri zilizonse. Koma maso okha asakunamizeninso, mayi. Amoniya ndi nitrite alibe mtundu. Madzi amene anapha nsomba zanu anali oyera mbee, monga mwanenera nokha.

FUNSO: Amalume, ine ndimakhala ku Monkey Bay, nyanja ili pakhomo. Bwanji ndisangotunga madzi a m'nyanja, n'kutola miyala yake, n'kuika nsomba tsiku lomwelo? Mabakiteriyawo si ali kale m'menemo? Mnyamata wa Fomu 3.

YANKHO: Waganiza bwino mphwanga, ndipo theka la maganizo akowo ndi loona. Koma mabakiteriya amenewa sayandama m'madzi mochuluka. Amakakamira pa zinthu: pamwala, pamchenga, pasiponji. Madzi a m'nyanja ndi abwino kwa mbuna, nsomba zokongola zija zokhala m'miyala ya m'nyanja yathu, alibe kolorini ndipo pH yake ndi yoyenera, koma zigubu zisanu za madziwo sizikupatsa mabakiteriya okwanira kutsuka thanki. Miyala yonyowa ya m'nyanja imakhala nawo ndithu ndipo ingafupikitse masiku, koma uyezabe madzi, ndipo pali zinthu ziwiri zoti uzidziwe.

Choyamba ndi lamulo. Dera lalikulu la kwanuko, kuyambira mapiri a Cape Maclear ndi zilumba monga Thumbi, Domwe ndi Mumbo, lili mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, makamaka chifukwa cha mbuna zomwezi. M'menemo sutola mwala, sugwira nsomba. Ngakhale kunja kwa paki, kugwira nsomba zokongoletsera n'cholinga chogulitsa kumafuna chilolezo, ndiye pita ku ofesi ya za usodzi ukafunse usanaponye neti.

Chachiwiri ndi likodzo. Nkhono zimene zimasunga tizilombo ta likodzo zilipo m'madzi osaya a kumwera kuno, ndipo zina ndi zazing'ono zoti sungazione msanga pansi pa mwala. Ukalowetsa nkhono yodwala m'thanki, imatulutsa tizilombo m'madzi amene iweyo uzipisamo dzanja tsiku ndi tsiku. Madzi otunga m'nyanja asefe ndi nsalu, akhale m'chigubu masiku awiri kapena atatu, tizilombo tosambirato timafa tikasowa munthu. Mwala uliwonse uuyang'ane mbali zonse, uchotse nkhono ndi mazira ake. Matenda a nsomba nawonso amatha kulowera njira yomweyi.

Njira yachidule imene ndimaikhulupirira ndi ina. Amayi akafuna chambiko amathira kotsala ka dzulo mumkaka watsopano. Iwenso pempha kachidutswa ka siponji kuchokera m'sefa ya munthu amene thanki yake yakhala miyezi yambiri nsomba zili bwino. Kanyamule m'jumbo muli madzi a m'thanki yakeyo, kasaume, kasakhale padzuwa, ndipo kalowe m'sefa yako tsiku lomwelo. Kadzaoneka konyansa, kabulauni, koterera. Usakatsuke. Ndi kachidutswa kameneko ndaonapo thanki ikupsa m'sabata ziwiri zokha.

FUNSO: Bambo, tili ndi thanki m'kalasi yathu ya sayansi. Tinayamba bwino, amoniya akutha tsiku lililonse, koma nitrite wakhala pa pepo wakuda sabata zitatu osasuntha. Ana ayamba kugwa ulesi. Magetsinso amathima kawirikawiri. Talakwitsa pati? Mphunzitsi wa ku Namwera.

YANKHO: Aphunzitsi, mwina simunalakwitse kalikonse. Chigawo cha nitrite ndicho chotalika, chifukwa gulu lachiwiri silingayambe kuswana mpaka loyamba litaphika chakudya chake, ndipo limakula mochedwerapo. Komabe onani zinthu izi.

Ndikukayikira kuti mukuthira amoniya tsiku lililonse poopa kuti gulu loyamba lifa ndi njala. Amoniya aliyense amene mwathira amasanduka nitrite wochuluka kuposa iyeyo, 1 ppm amabereka pafupifupi 2.7 ppm, ndiye mulu ukungokula. Khadi lanu limathera pa 5 ppm, pamene m'madzimo mwina muli 15 kapena 20. Ngakhale gulu lachiwiri likudya, inu simungaone kusintha. Chotsani theka la madzi, mawa chotsaninso theka, mpaka mtundu ubwerere pakati pa khadi. Kusintha madzi sikuchotsa mabakiteriya chifukwa ali m'siponji. Kenako muzithira 1 ppm yokha pakatha masiku awiri kapena atatu. Safa ndi njala ya masiku ochepa chotero.

Yezaninso pH. Mabakiteriyawa akamagwira ntchito amatulutsa asidi, ndipo ngati madzi anu ndi ofewa, monga a mvula kapena a kasupe wa kumapiri, pH imatsika. Ikafika cha pa 6.5 ntchito imachedwa, ikafika pa 6 imangoima. Tolani zigoba za nkhono zouma, muziwiritse, muziswe, muziike m'sefa. Zimasungunuka pang'onopang'ono n'kumakweza pH. Kumbukiraninso kuti Namwera ndi kumtunda, kumazizira kusiyana ndi kuno kuboma. Mabakiteriyawa amakonda madigiri 25 mpaka 30. Mu Juni ndi Julayi popanda chotenthetsera madzi muyembekezere sabata zina zowonjezera.

Za magetsi, chimene mabakiteriyawa amafuna kwambiri ndi mpweya ndi chinyezi. Magetsi akathima maola awiri kapena atatu palibe vuto. Akathima tsiku lonse, ndipo sefa yanu ndi ija yotsekeka ngati chigubu, mpweya umatha mkatimo, mabakiteriya n'kuyamba kufa. Tsegulani, tulutsani siponji, muiike m'thanki momwemo. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire kapena ka USB kolumikiza ku batire ya sola kamapulumutsa zambiri. Kakasowa, ana azisinthana kutunga madzi ndi jagi n'kuwatsanulira kuchokera m'mwamba, mphindi zingapo pa ola lililonse. Ine m'mathanki anga onse ndinasamukira ku sefa za siponji zoyendera mpweya pa chifukwa chimenechi.

Zaka zapitazo ndinataya thanki yokhwima chifukwa cha chinthu chimodzi chaching'ono. Munthu amene ankandithandiza ntchito pakhomo anaona siponji yada, n'kuichapa bwinobwino pampopi, kuiyanika padzuwa, n'kuibwezera ili mbee. Anachita ndi mtima wabwino, ndipo sindinali nditamufotokozera. Patatha masiku anayi nsomba zinayamba kuyasama. Uzani ana onse, ndi amene amasesa m'kalasi: siponji timaifinya m'ndowa ya madzi ochokera m'thanki momwemo, basi.

Ndipo anawo apatseni ntchito yojambula girafu pabolodi, mizere itatu ya choko cha mitundu itatu. Akadzaona mzere wa nitrite ukugwa pamene wa nitrate ukukwera, phunziro la kayendedwe ka nayitirojeni la m'buku lija lidzawalowa mpaka kalekale.

FUNSO: Achimwene, tsiku lachitatu madzi anachita mbuu ngati ndathiramo mkaka. Panopa ayera, koma galasi ndi miyala zachita zabulauni. Nditaye ndiyambirenso? Wowerenga wa ku Malindi.

YANKHO: Ayi achimwene, musataye. Mbuu ujayo anali mabakiteriya a mtundu wina, odya zoola, amene amaswana msanga n'kutha okha. Si aja tikuwalerawa, ndipo kuyera kwa madzi sikutanthauza kuti thanki yapsa. Zabulaunizo ndi ndere zimene zimakonda thanki yatsopano. Pukutani galasi la kutsogolo ndi kansalu, za pamiyala zisiyeni, mbuna zidzadya. Nyali ya pathanki ikhale yozima mpaka nsomba zitabwera, ndipo thanki isayang'anane ndi dzuwa la pawindo.

FUNSO: Bambo, ndimagwira ntchito pa loji ina m'mbali mwa nyanja cha ku Makawa. Abwana agula thanki ya malita 300 yoika polandirira alendo, ndipo akufuna mbuna 20 zikhalemo pofika Loweruka. Wogulitsa akuti tiyambe taikamo milamba iwiri kapena matemba kuti zitsegule thanki, zikafa n'zosadandaulitsa. Wina akuti pali botolo la mabakiteriya lothira lero, nsomba mawa. Ndiwauze chiyani abwana? Wantchito wodandaula.

YANKHO: Mwachita bwino kufunsa nsomba zisanafike, bambo. Za milamba ndi matembazo ndikukana. Njirayo ndi yakale ndipo imagwira ntchito, chifukwa nsombazo zimatulutsa amoniya amene mabakiteriya akufuna. Koma zimagwira ntchitoyo zikupsa ziwalo zopumira mwezi wathunthu. Mlamba ndi wolimba, umatha kupuma mpweya wa kunja, koma kulimba sikutanthauza kuti sukumva kuwawa. Tili ndi kabotolo ka amoniya, tili ndi usipa wakufa kale, palibe chifukwa chozunzira chamoyo. Komanso nsomba ziwiri zimalera mabakiteriya okwanira nsomba ziwiri. Mukadzathira 20 nthawi imodzi, poizoni adzakweranso.

Mabotolo a mabakiteriya ena amathandizadi kufupikitsa masiku. Koma muli zamoyo m'menemo, ndipo botolo limene layenda ulendo wautali m'galimoto yotentha, n'kukhala pashelefu miyezi, likhoza kufika zitafa. Ligwiritseni ngati mwalipeza, pamodzi ndi amoniya, ndipo kachubu koyezera ndiko kanene ngati lagwira.

Kwa abwana anu kambani za mbuna zenizenizo, chifukwa apa m'pamene kudikira kumapindulitsa kwambiri. Mbuna ndi nsomba za ndewu. Yamphongo imasankha phanga lake n'kumathamangitsa aliyense woyandikira. Mukaika zitatu lero, zina zitatu sabata ya mawa, zoyambazo zimakhala zitagawana kale miyala yonse, ndipo zatsopano zimamenyedwa mpaka kubisala kuseri kwa sefa, zipsepse zitang'ambika. Oweta mbuna amakonda kuziika zonse tsiku limodzi, zikadali zazing'ono, kuti pasakhale mwini mudzi ndi mlendo, ndipo ukali umagawikana. Thanki yokhayo imene ingalandire nsomba 20 tsiku limodzi ndi imene yaleredwa ndi amoniya mpaka kumeza 2 ppm m'maola 24. Kudikira sabata zisanu kumakupatsani mwayi umenewo. Konzani miyala yambiri yosanjikiza mpaka theka la thanki, yokhazikika pagalasi la pansi musanathire mchenga chifukwa mbuna zimakumba, ndipo pa yamphongo iliyonse pakhale zazikazi zitatu kapena zinayi.

Ngati abwana sakufuna kuti alendo aziona galasi lopanda kanthu, matani kapepala pambali kofotokoza kuti thankiyi ikukonzedwa kuti ilandire mbuna, ndi tsiku limene mukuyembekezera. Alendo ambiri obwera kunyanja kuno amaweta nsomba zomwezi kwawo, ku Germany, ku America ndi kwina, ndipo adzadziwa kuti pamalopo pali anthu odziwa chimene akuchita.

Zikakanika, nsomba n'kufika Lowerukalo, ntchito yakugwerani inuyo. Funani siponji yokhwima kwa aliyense amene ali nayo, ikuluikulu. Pemphani kuti abweretse nsomba zochepa, zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Dyetsani kamodzi pa masiku awiri, chakudya choti chithe m'mphindi imodzi. Nsomba sizifa ndi njala yotere, koma chakudya chotsala chimapha. Yezani m'mawa uliwonse, ndipo amoniya kapena nitrite akafika 0.5 ppm sinthani gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi, ngakhale zitanthauze kusintha tsiku ndi tsiku. Nitrite akaoneka, thirani mchere wamba, supuni yaing'ono imodzi pa malita 20 aliwonse, mutausungunula kaye m'kapu. Mchere umatchinga nitrite kuti asalowe kwambiri m'magazi. Malita 100 tsiku lililonse ndi ndowa zisanu za malita 20, zonse zochotsedwa kolorini, kwa mwezi kapena kupitirira. Awerengereni abwana ndowa zimenezo musanagwirizane za Loweruka.